Mawu 650 ndi umphawi wa amayi ako

Aliyense wofunsira malo ku yunivesite ya ku America kudzera pa Common App amapatsidwa mawu osapitirira 650 oti adzifotokoze. Ku Britain, fomu ya UCAS imakupatsa zilembo 4,000 basi. Funso lake limamveka lofewa: tiuze kuti ndiwe ndani. Koma mwana wa ku Africa yemwe kwawo kulibe kanthu sachedwa kuzindikira kuti funsoli lili ndi yankho lomwe limayenda malonda. Palibe amene amamuuza poyera. Amangoona yekha pa YouTube, m'magulu a pa WhatsApp ndi m'zimangirizo za anzake omwe anawoloka kale nyanja, kuti nkhani zotchuka zimayamba ndi denga lodontha, koloboyi wotha parafini, ndi mayi wosenza mtolo wa nkhuni.

Chaka chilichonse ikamakwana October achinyamata angapo amanditumizira zimangirizo zawo kuti ndiwawerengere. Galamala ndiye yosavuta, timakonza madzulo amodzi. Chomwe chimandisowetsa tulo n'china. Umphawi wa pakhomo panu, kodi ndi wako wekha woti ukhoza kuuika pa fomu n'kusinthanitsa ndi malo a sukulu? Ngati uli nawo ufulu umenewo, umathera pati?

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi zomwe zikulemeretsa funsoli. Pa mayunivesite otchuka a ku America omwe si aboma, chaka chimodzi, kuphatikiza fizi, chogona ndi chakudya, chimadya madola oposa 80,000. Musavutike kuwerengetsa m'makwacha, mungodwala nazo mutu. Masukulu ambiri akamasankha ophunzira akunja amatsata njira yotchedwa need-aware, kutanthauza kuti poona fomu yako amaonanso kuchuluka kwa ndalama zomwe ukupempha, ndipo ukapempha zambiri mwayi wako umachepa. Ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, ndi omwe ali need-blind ngakhale kwa akunja: amakusankha osasuzumira m'thumba mwako, kenako n'kukulipirira zomwe banja lako silingakwanitse. Tsono kumeneko n'komwe dziko lonse limathamangira. Ku Harvard kapena ku MIT, pa anthu 100 ofunsira malo, otengedwa sakwana 5. Wowerenga fomu yako ali ndi mulu wa mafomu ena, mphindi zake n'zochepa, ndipo mwina dzina loti MANEB akulimva koyamba. Ndiye mawu 650 aja amasenza katundu wosayenera kukula kwake.

Ndisanapite patali, ndinene kuti ine sindili m'gulu la anthu onena kuti kutchula umphawi n'kupemphetsa. Ayi. Mapointsi 14 a MSCE a mwana wa pa CDSS yopanda labotale, yemwe Chemistry yonse anaiphunzirira pa bolodi, yemwe akaweruka amakalima kaye asanatsegule kope, si ofanana ndi mapointsi 14 a mwana wa sukulu yogonera pomwepo yokhala ndi jenereta ndi laibulale. Nambala ndi imodzi, koma mtunda womwe awiriwa ayenda kuti aipeze ndi wosiyana. Wosankha uja ukamubisira mtundawo wamubisira choona chomwe amafunikira kuti aweruze bwino. Kubisa umphawi chifukwa cha manyazi nako n'kunama, kungoti ndi bodza lomwe limapweteka mwini wake.

Vuto limayamba pomwe wazindikira kuti choonacho chili ndi mtengo pamsika, ndipo ukachithira mchere mtengowo umakwera.

Yankho lomwe ndimalimva kawirikawiri n'lakuti, “Nanga olemera sakuba?” Akuba ndithu. Mu 2019 ku America kunaphulika mlandu wotchedwa Varsity Blues: makolo achuma ankalipira munthu wina dzina lake Rick Singer kuti mayeso a SAT a ana awo akonzedwe, kapena kuti anawo alembedwe ngati akatswiri a masewera omwe sankawasewera n'komwe. Felicity Huffman, katswiri wa mafilimu, anapereka madola 15,000 ndipo khoti linamugamula kukakhala m'ndende masiku 14. Amenewo ndi ogwidwawo. Koma ngakhale popanda kuswa lamulo, sikelo ndi yopendekeka kale. Mu 2023 Raj Chetty ndi anzake a ku Opportunity Insights anapeza kuti ana a mabanja olemera zedi, aja a m'gulu la 1 pa 100 lapamwamba, ali ndi mwayi woposa kawiri wophunzira pa masukulu a Ivy League ndi ena ofanana nawo, poyerekeza ndi ana a mabanja apakati omwe anakhoza SAT mofanana nawo. Ndiye mwana wa ku Ntchisi akandifunsa kuti kuwonjezera makilomita angapo pa ulendo wake wopita kusukulu n'chiyani poyerekeza ndi zonsezo, mkwiyo wake ndimaumvetsa.

Koma tafunsani kuti bodzalo amalilipira ndani. Mwana wa mpondamatiki wa ku California sakulimbirana nawe thumba limodzi. Iye fizi alipira yekha. Thumba lomwe ukulimbira ndi la ophunzira akunja osowa, ndipo ndi laling'ono. Amene ali nawe pamzere ndi mtsikana wa ku Nsanje, mnyamata wa ku Chipata, wina wa ku Nepal. Ukanama n'kupambana, wolandidwa malo ndi mmodzi mwa amenewo, makamaka uja ananena zoona. Harvard sikumva kuwawa kulikonse.

Palinso china chomwe sichioneka msanga. Mavuto nawo amagwa mphamvu ngati ndalama. Tonse tikukumbukira November 2023 pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti: ndalama yomwe unali nayo m'thumba inali yomweyo, koma m'golosale sinkagulanso zomwe inkagula dzulo lake. Woyenda makilomita 5 akalemba 15, chaka chamawa woyendadi 15 ayenera kulemba 30 kuti amveke. Wodya kawiri patsiku akalemba kuti amagona ndi njala, wogonadi ndi njala mawu ake amapepuka. Mapeto ake owerenga aja amatopa, n'kuyamba kukayikira aliyense wochokera kuno.

Mabodza akuluakulu sindichedwa nawo. Kudzitcha mwana wamasiye makolo ali moyo, kugula chimangirizo kwa munthu, kuuza ChatGPT kuti ikupekere ubwana womvetsa chisoni, aliyense akudziwa dzina lake la zimenezo. Chimodzimodzi mabungwe aja obadwa mu August: tsamba la pa Facebook, malaya osindikiza asanu, chithunzi chimodzi mukupereka sopo kwa agogo, basi munthu wasanduka Founder and CEO. Likafika January bungwelo lafa, agogo aja sopo wawathera.

Bodza lomwe limandivuta ndi lija lomwe chiganizo chilichonse ndi choona.

Chimangirizo cha mtundu umenewu chili ndi mlowam'malo mmodzi yemwe chimamukonda: ine. Ine ndinavutika, ine ndinalimba mtima, ine ndinagonjetsa. Ndi kalembedwe ka anthu okonda nkhani ya munthu wodzipanga yekha. Koma tinene zoona anzanga, ndi mwana uti wosauka amene anafika Fomu 4 yekha? Pali amalume a ku Johannesburg omwe ankatumiza kangachepe pa Mukuru teremu ikamayamba. Pali achemwali omwe anasiyira Fomu 2 chifukwa fizi inkakwanira munthu mmodzi, ndipo banja linasankha iwe. Pali aphunzitsi a masamu omwe ankakubwereka buku lawo lokhalo Lachisanu kuti ubweze Lolemba. Pali mayi a mpingo omwe anakulipirira mayeso. Polemba, anthu amenewa amayamba kusowa mmodzimmodzi. Palibe amene wawanamizira. Angodulidwa pachithunzi, monga timachitira pa foni tikafuna kuti dp ikhale ya ife tokha. Amalume amachotsedwa chifukwa akusokoneza nkhani: mwana wosaukitsitsa sakhala ndi m'bale ku South Africa. Achemwali amachotsedwa chifukwa kuwatchula kukuonetsa kuti mwayi wako wina anaulipira. Chotsala ndi chithunzi cha munthu yemwe sanakhaleko, ngwazi yoyenda yokha m'chipululu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Timakonda kuunena mwambiwu pamaliro ndi pamisonkhano ya chitukuko, koma pa fomu ya sikolashipu mwadzidzidzi denga lonse talisenza tokha.

Ndipo omwe sanadulidwe amasiyidwa kuti agwire ntchito imodzi yokha: kuvutika. Apa ndi pomwe pamandipweteka. Mayi amene m'moyo weniweni ndi msungichuma wa banki m'khonde, amene amadziwa pamtima kusiyana kwa mtengo wa tomato ku Lizulu ndi mumsika wa m'tauni, amene amaseketsa anthu pachitsime mpaka misozi, amene analera ana asanu ndi geni ya mandasi popanda ngongole ya katapila, m'chimangirizo amangotsala maso ofiira ndi utsi ndi manja okhakhala. Nzeru zawo zonse zafufutidwa kuti mwana aoneke kuti anachokera pansi penipeni. Mu 2009 Chimamanda Ngozi Adichie anachenjeza pa TED za kuopsa kodziwa anthu ndi nkhani imodzi yokha, ndipo Binyavanga Wainaina anali ataseka kale mu 2005, m'magazini ya Granta, momwe azungu amalembera za Africa. Onse awiri ankaloza chala makamaka alendo. Lero nkhani imodzi ija tikuilemba tokha, pa mafoni athu, usiku bandulo ikatchipa, ndipo tikuilemba bwino kuposa alendowo chifukwa tikudziwa fungo lenileni la utsiwo.

Ndiye ndimawauza achinyamata aja kuti ayese chinthu chimodzi. Tembenuza chimangirizo chako m'Chichewa, kapena m'chinenero chilichonse cha pakhomo panu, ndipo uyerekeze kuti ukuwawerengera amayi ako atakhala pamkeka. Pomwe mawu akukanirira pakhosi, imapo. Dzifunse ngati akukanirira chifukwa choonacho n'chowawa, kapena chifukwa ukudziwa kuti amayi akweza mutu n'kufunsa kuti, “Ameneyu ndi ine?”

Muyeso umenewu uli ndi malire ake, ndipo sindiwabisa. Pali ana omwe anakulira m'nyumba za nkhanza, ndipo mwambo wathu woti za m'nyumba sizituluka wateteza anthu oipa ambiri. Mtsikana yemwe anathawa ukwati womwe makolo ake anamukonzera ali Sitandade 8 safunika chilolezo cha makolowo kuti anene zomwe zinamuchitikira. Chomwe chinachitika pathupi pako ndi pamoyo pako ndi chako, ngakhale amene anachichita asakondwe. Koma pali zina zomwe unangoziona chifukwa unkakhala nawo nyumba imodzi. Matenda omwe amayi ako sanauze ngakhale achemwali awo. Chaka chomwe bambo anakhala kundende. Mimba yomwe mng'ono wako anapita nayo padera. Zimenezo zinakukhudza, inde, koma eni ake alipo, ndipo anasankha kukhala chete. Ena amati palibe vuto poti wowerenga ndi mlendo wa kutali yemwe sadzafika kumudzi kwanu. Aiwala kuti ukapeza malo, chimangirizo chija chimasanduka chitsanzo. Umachitumizira mnzako mmodzi, iye n'kuchiponya pagulu, ndipo tsiku lina chikafika pa foni ya mwana wa aneba. Funsani kaye eni ake. Akakana, lembani kuti kunyumba kunali matenda aakulu ndipo inu ndi amene munkaphika ndi kudwazika. Wowerenga sakufuna dzina la matendawo.

Dzina lomwe limabwera nthawi zonse pa nkhani ngati iyi ndi la William Kamkwamba, ndipo ndikuona kuti ambiri amatengapo phunziro lolakwika. Inde, njala ya 2001 mpaka 2002 inamuchotsa pasukulu chifukwa makolo ake ku Wimbe, m'boma la Kasungu, analephera fizi. Koma njalayo sinali yake yekha. Inagwira anthu osawerengeka, ndipo ana ambiri anasiya sukulu chaka chomwecho. Chomwe chinali chake n'chakuti analowa m'kalaibulale, n'kupeza buku lotchedwa Using Energy, n'kuyamba kutola zitsulo zotayidwa mpaka anamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, fani ya thirakitala ndi mapaipi apulasitiki. Chomwe chinamufikitsa pa TED ku Arusha mu 2007, kenako ku African Leadership Academy ku Johannesburg, mpaka kumaliza ku Dartmouth mu 2014, ndi momwe mutu wake unkagwirira ntchito mkati mwa njalayo. Ndipo mukawerenga buku lomwe analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, mnzake Gilbert ndi msuweni wake Geoffrey alimo ndi mayina awo. Sanawadule.

Komanso tisamupange Kamkwamba kukhala goli. Si mwana aliyense woyenera sukulu amene anamanga makina. Ambiri anangowerenga molimbika uku akulera ang'ono awo, ndipo amaganiza kuti alibe cholemba. Apa ndi pomwe fomu ingalimbitsidwe popanda kuwonjezera kalikonse. Common App ili ndi malo 10 olembapo zomwe umachita kunja kwa kalasi, ndipo pamalo aliwonse uli ndi zilembo 150 zofotokozera, kuphatikiza maola pa sabata. Pa mitundu yomwe ungasankhe pali umodzi wotchedwa Family Responsibilities. Ana athu ambiri amaudumpha poganiza kuti akufuna debate ndi piano. Chonsecho kusunga kope la geni ya amayi, kuthirira dimba maola awiri m'mawa uliwonse, kupalasa kabaza Loweruka kuti upeze ya mayeso, kuphunzitsa ana a Sitandade 8 pansi pa mtengo, zonsezo ndi ntchito zenizeni, ndipo zili ndi manambala. Tiyerekeze mtsikana yemwe anazindikira m'kope la geni kuti mandasi a Lolemba amatsala nthawi zonse, n'kuwauza amayi ake kuti achepetse ufa tsiku limenelo. Chimangirizo chofotokoza momwe anazindikirira, momwe amayi anakanira poyamba, momwe anagwirizanirana, chikuonetsa umphawi wonse popanda kuulira, chikuonetsa mutu wa mwanayo, ndipo amayi akutulukamo ali munthu wathunthu wodziwa kutsutsa.

Njira ina ndiyo kusiya anthu ena anene za umphawiwo. Fomu imafuna makalata a aphunzitsi ndi lipoti la sukulu. Ahedi akalemba kuti sukulu yawo ili ndi ana angati m'kalasi, aphunzitsi a sayansi angati, angati anakhoza MSCE chaka chatha, angati anasankhidwa ku yunivesite ya boma, ndipo iwe unali nambala chiyani, manambala amenewo amalankhula mokweza kuposa ndime zitatu za denga lodontha. Vuto lake tonse tikulidziwa. Mphunzitsi wotopa amangoti, “Lemba wekha, ndidzangosaina.” Sakuchita mwankhanza, ali ndi makope 200 oti achonge. Koma kalata yomwe ikunena kuti ndi maso a mphunzitsi chonsecho ndi pakamwa pako, ndi bodza losainidwa. Apatseni pepala la zinthu zoona zomwe angakumbukire, afotokozereni kuti kumeneko safuna “ndi mwana womvera ndi woopa Mulungu” koma chitsanzo cha tsiku lomwe unawadabwitsa m'kalasi, muwathandize bandulo ngati n'kotheka, koma mawuwo akhale awo.

Pa fomu ya ndalama, monga CSS Profile, mayesero amakoka mbali ziwiri. Wina amachepetsa zomwe banja limapeza kuti apatsidwe zambiri. Wina amadzikweza, kulemba kuti banja likhoza kulipira madola 10,000 pachaka pofuna kukopa sukulu ya need-aware. Wachiwiriyu amadzitchera msampha yekha, chifukwa masukulu ambiri salola wophunzira wakunja kudzapempha thandizo pambuyo pake ngati sanalipemphe polowa. Malo amawapeza, chaka chachiwiri n'kubwerako ndi ngongole. Ndalama yofunsira malo ikhoza kukhululukidwa ukapempha fee waiver, ndipo uphungu wa EducationUSA ndi waulere. Ndiponso dziko silinathere ku America: pulogalamu ya Mastercard Foundation Scholars, yomwe inayamba mu 2012, yaphunzitsa ana a ku Africa pa masukulu ngati Makerere, Ashesi, University of Cape Town, McGill ndi Edinburgh.

Chatsala chiganizo chomwe chimatseka pafupifupi chimangirizo chilichonse chomwe ndawerengapo: ndikamaliza ndidzabwerera kwathu kukatukula dziko langa. Ena amachilemba akukhulupirira, ena chifukwa anamva kuti ndi chomwe opereka ndalama amafuna. Masikolashipu ena sasiyira zimenezi pa mtima wa munthu. Chevening ya ku Britain imakusainitsa kuti ubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Koma pomwe palibe chosainira, lonjezo la munthu wa zaka 18 lokhudza komwe adzakhale ali ndi zaka 30 n'lolemera bwanji? Sindilitcha bodza, koma ndimawapempha kuti alichepetse mpaka lifanane ndi zomwe akudziwa lero. Osati “dziko langa”, koma mjigo womwe umauma mu October kwanu ndipo ukufuna kudziwa chifukwa chake. Chimenecho ungachiikire umboni panopa.

Legson Kayira ananyamuka wapansi mu 1958 kuchokera kumpoto kwa dziko lomwe nthawi imeneyo linkatchedwa Nyasaland, akuti akupita ku America kukaphunzira. Ali ku Kampala anapeza m'laibulale buku la mayina a makoleji, n'kulembera Skagit Valley College ya ku Washington, ndipo anamuyankha kuti abwere. Anayendabe mpaka ku Khartoum, anthu a kudera la kolejiyo n'kumusonkhera ndalama ya ndege, ndipo anafika mu 1960. Kenako anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge, ndipo mu 1965 anatulutsa buku la ulendo wakewo, I Will Try. Ndale za nthawi ya Kamuzu zitavuta, munthu wolemba momwe iye ankalembera analibe malo kwawo. Anakhazikika ku England, ndipo anamwalirira ku London mu 2012. Kamkwamba ntchito yake ikupitirira ku Kasungu kudzera mu Moving Windmills. Awiriwa akanapatsidwa fomu imodzi asananyamuke, ndikukhulupirira kuti ndime yomaliza akanailemba mofanana.